Nkhondo ya Amayi ya 1929: Mafunso ndi Mayankho pa Amayi a Annang ndi Msonkho wa Atsamunda

Amene anaphunzirako mbiri ya Nigeria kusukulu mwina anamva za "zipolowe za ku Aba". Dzinali linaperekedwa ndi boma la atsamunda, ndipo linamata ngati ulimbo. Koma magazi ambiri sanakhetsedwe ku Aba. Anakhetsedwa ku Abak ndi ku Utu Etim Ekpo, m'dziko la Annang, ndiponso ku Opobo, m'mbali mwa mtsinje wa Imo. Nawa mafunso amene munthu amakhala nawo akayamba kuitsata nkhaniyi.

Kodi Annang ndi ndani, ndipo kwawo n'kuti?

Annang, ena amalemba kuti Anaang, ndi mtundu wa anthu a kummwera chakummawa kwa Nigeria. Lero ali m'chigawo cha Akwa Ibom, chimene chinakhazikitsidwa mu 1987, ndipo matauni awo odziwika ndi Ikot Ekpene ndi Abak. Chiyankhulo chawo n'chapachibale ndi cha Ibibio ndi cha Efik, moti atsamunda m'mapepala awo nthawi zambiri ankangowaunjika pamodzi onse n'kumati Ibibio. Kumadzulo anachita malire ndi Aigbo a dera la Ngwa, kumene kuli tauni ya Aba. Nthawi imeneyo dziko lawo linali m'chigawo cha Calabar.

Ndi dziko la mvula yambiri ndi anthu othithikana, la zilazi, chinangwa, chiwale ndi kanjedza wa mafuta, uja anzathu a ku Karonga amayengera mawese. Analibe mfumu yaikulu imodzi yolamulira mtundu wonse. Mudzi uliwonse unkadziyendetsa wokha kudzera mwa akuluakulu a mabanja ndi magulu achinsinsi monga Ekpo, gulu la amuna ovala zigoba. Amayi nawo anali ndi magulu awo, ndipo tidzawapeza kutsogoloku, chifukwa popanda iwo nkhaniyi siimveka.

Msonkho unafika liti kumeneko?

Unafika mochedwa. Kumpoto kwa Nigeria kunali ma emir, mafumu achisilamu amene ankatolera msonkho Angelezi asanabwere n'komwe, choncho mkulu wa atsamunda Frederick Lugard anangoponda m'mapazi mwawo. Iyeyu analumikiza kumpoto ndi kummwera mu 1914, koma zigawo za kummawa zinakhala zopanda msonkho wa pamutu kwa zaka zina zoposa khumi. Lamulo la msonkho linafika kumeneko mu 1927, bwanamkubwa ali Graeme Thomson, ndipo ndalama zoyamba zinatoleredwa mu 1928. Wokhoma anali mwamuna aliyense wamkulu.

Chimene anthu sanachiiwale ndi chimene chinatsogola. Msonkho usanabwere, boma linayendetsa kalembera wa amuna, ndipo m'madera ena anthu sanauzidwe kuti kuwerengako n'kwa chiyani. Anapereka mayina awo ndi mtima woyera. Patapita nthawi, mayina omwewo anabwerera ali m'kaundula wa msonkho. Kuyambira pamenepo, munthu wa boma wogwira buku ndi pensulo sankaonedwanso ngati mlendo wamba.

Ngati msonkho unali wa amuna, amayi zinkawakhudza bwanji?

Funso limeneli amafunsa ndi munthu amene sanakhalepo m'nyumba mopanda ndalama. Papepala msonkho unali wa bambo. Koma tsiku lokhoma likayandikira, bambo ali chimanjamanja, ndalamazo zinkachokera m'kansalu ka mayi. Mayi wamasiye amene mwana wake wamwamuna wangosinkhuka kumene ankamukhomera ndi iye. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chuma cha dera lonselo chinatsamira pa kanjedza, ndipo ntchito yaikulu ya kanjedza inali m'manja mwa amayi. Mwamuna ankakwera mtengo n'kugwetsa phava la zipatso. Zotsalazo zinali za mkazi: kuwiritsa zipatsozo, kuzisinja, kuzifinya ndi manja mpaka mafuta ofiira atuluke, kenako kukhala pansi ndi mwala kuphwanya nthangala imodziimodzi kuti atulutse njere ya m'kati. Mwa mwambo, njerezo zinali za mayi, ndipo ndi zimene ankasenza kupita nazo kumsika kapena kusitolo za makampani achizungu. Mu 1929 mitengo ya mafuta ndi njere inagwa pamsika wa dziko lonse. Nthawi yomweyo katundu wochokera kunja, monga nsalu ndi fodya, anali atakwera mtengo. Msonkho wokha ndi umene sunatsike.

Panalinso vuto la ndalama yeniyeniyo. M'misika ya kumeneko anthu ankagulana ndi ndalama zachitsulo zopindika ngati chibangili, zotchedwa okpoho, zimene boma linadzazichotsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Msonkho unkawerengedwa m'mashiling'i. Wamalonda wa pamsika ndiye ankapanikizika pakati pa ndalama ziwirizi.

Nanga mafumu amene amayi ankadana nawo anali otani?

Angelezi ankafuna kulamulira kudzera m'mafumu, koma kummawa sanapeze mafumu a mtundu umene ankafuna. Ndiye anawapanga okha. Ankasankha munthu m'mudzi, kumupatsa chikalata ndi chisoti, n'kumukhazika m'khoti la boma kuti aziweruza anzake. Awa ndi amene ankatchedwa ma warrant chief. Ena analidi akuluakulu olemekezeka. Ena anali anthu ochenjera pakamwa amene anangofulumira kukaonekera kwa mzungu, ndipo m'midzi ina anthu anakankhira kutsogolo munthu wopanda pake poganiza kuti woitanidwayo sakabwerako.

Munthu wopatsidwa mphamvu ndi mlendo saopa eni mudzi. Madandaulo amene amayi anadzapereka pambuyo pake anali a ziphuphu m'makhoti, kulanda mbuzi ndi zilazi, kugwiritsa anthu ntchito yaulere, ndi kutenga akazi osalipira malowolo oyenera. Alembi a m'makhoti ndi amesenjala nawo ankadya nawo. Msonkho utabwera, otolera anali anthu omwewa. N'chifukwa chake mu 1929 amayi sankangoimba za msonkho. Ankafuna zisoti za mafumuwo.

Chinayatsa moto n'chiyani?

Moto unayakira kwa Aigbo, ku Oloko, m'boma la Bende. Chakumapeto kwa 1929, bwana wogwirizira udindo wa DC kumeneko, Captain John Cook, anaona kuti kaundula wa msonkho ngosalongosoka, ndipo analamula kuti awerengenso. Ulendo uno anafuna kuti alembe amuna, akazi awo, ana ndi ziweto. Mfumu yachikalata Okugo inatuma munthu wina dzina lake Mark Emeruwa kuti akayambe ntchitoyo. Iye anafika pakhomo pa mayi wina wotchedwa Nwanyeruwa n'kumupeza akufinya mafuta a kanjedza. Anamuuza kuti awerenge mbuzi zake, nkhosa zake ndi anthu a pakhomopo. Mayiyo anamubwezera funso: kodi amayi ako anawerengedwa? Mawu anakula, anagwirana pakhosi, ndipo Nwanyeruwa anathamangira kumene amayi anzake ankachita msonkhano wokambirana za mphekesera yomweyi.

Amayi a ku Oloko anali atapangana kale kuti adikire mpaka wina abwere kudzawerenga mkazi, chifukwa umenewo ndiwo ukhale umboni. Umboni unapezeka. Anasonkhana miyandamiyanda, anakakamiza boma kulemba papepala kuti amayi sadzakhoma msonkho, ndipo Okugo anazengedwa mlandu n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri. Nkhani yoti mfumu yachikalata yagwa chifukwa cha amayi inathamanga kuposa nkhani ya msonkho uja.

Popanda wailesi kapena foni, uthenga unafika bwanji kwa Annang?

Unadzera kumsika. Misika ya kumeneko inkasinthana masiku, lero mudzi uno, mawa winawo, ndipo amalonda ake ambiri anali amayi. Onjezerani apo kuti mkazi ankakwatiwa kumudzi wina, ndiye kuti mayi aliyense anali ndi phazi limodzi kwawo, lina kwa mwamuna wake. Kumalire a Ngwa ndi Annang anthu ankagulana ndi kukwatirana kuyambira kale. Chizindikiro choitanira chinali nthambi yanthete ya kanjedza. Mudzi ukalandira, unkatumiza ina kumudzi wotsatira.

Ndipo uthengawo unapeza anthu odziwa kale chochita. Pakati pa Annang ndi Ibibio panali Iban Isong, kutanthauza amayi a nthaka. Mwamuna akatukwana ukazi, sankalakwira mkazi mmodzi yekha, ankalakwira onse. Amayi a m'mudzi ankamuzungulira pakhomo pake, kumuimba nyimbo zomuvula, kumuwonongera katundu, osachoka mpaka atagonja ndi kulipira. Panalinso Ebre, gulu la amayi okwatiwa lotchedwa ndi dzina la mtundu wina wa chilazi chimene amayi ankalima, ndipo linali ndi malamulo ake okhwima: wakuba sankaloledwa kukhalamo. Aigbo anali ndi mwambo wofanana nawo, umene ankati kukhalira mwamuna.

Choncho zimene azungu anaziona ngati misala ya gulu zinali chilango chodziwika bwino, chokhala ndi ndondomeko yake. Chatsopano chinali chimodzi: ulendo uno wolakwa anali boma, ndipo pakhomo pake panali pakhoti.

Chinachitika n'chiyani ku Abak ndi ku Utu Etim Ekpo?

Pofika sabata yachiwiri ya Disembala, moto unali utafalikira m'zigawo za Owerri ndi Calabar. Ku Aba galimoto ya dokotala wachizungu inagunda ndi kupha amayi awiri, ndipo khamu linathyola masitolo a makampani ndi banki ya Barclays. Akuluakulu a boma anagwidwa ndi mantha, n'kuitanitsa apolisi ndi asilikali.

Pa 14 Disembala, ku Abak, apolisi anawombera khamu la amayi ndipo atatu anafa.

Ku Utu Etim Ekpo zinafika poipa. Malipoti a boma lomwelo amafotokoza mmene amayiwo anaonekera: atavala ziguduli, nkhope atazipaka makala, m'mutu atamanga masamba anthete a kutchire, m'manja muli ndodo zokulungidwa ndi masamba anthete a kanjedza. Palibe mzungu amene ankadziwa tanthauzo la zovalazo, koma mboni za komweko zinati zinkatanthauza nkhondo. Amayiwo anatentha khoti, anathyola sitolo ya kampani yachizungu ndi nyumba za alembi. Ankanena kuti DC nayenso anabadwa kwa mkazi, ndipo popeza iwo ndi akazi, akupita kukamuona.

Mawu amenewo ndimawabwereza kawirikawiri m'mutu mwanga. Si mawu a munthu wosokonezeka. Ndi mawu a mayi amene akukumbutsa mwana wamwano kumene anachokera.

Pa 15 Disembala asilikali anakumana nawo. Amayiwo anathamangira kumene kunali asilikali akukuwa, ndipo asilikali anawombera ndi mfuti wamba komanso ndi chiwaya cha mtundu wa Lewis, mfuti imene inatchuka pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amayi 18 anafa, 19 anavulala.

Kodi sankaopa mfuti?

Ambiri sankakhulupirira kuti angawomberedwe. M'nkhondo za makolo awo, mkazi sankaphedwa dala. Ankatha kudutsa pakati pa midzi yomenyana, ndipo nthawi zina amayi ndiwo ankaleretsa. Mmodzi wa amene anapereka umboni anafotokoza kuti amayi ankadzitcha miimba. Muimba umatera pamsika, umatola zimene wapeza, ndipo palibe amene amaupha. Ukakwiyitsa munthu amangouponyera kamtengo. Iwo ankayesa kuti msilikali nayenso amadziwa lamulo limeneli. Asilikali ambiri anali ochokera kumadera ena a Nigeria, olamulidwa ndi mabwana achizungu, ndipo lamulo la muimba silinali m'buku lawo.

Nanga ku Opobo?

Kumeneko ndiko kunafa anthu ambiri. Malowo, amene ankatchedwanso Egwanga, lero ndi Ikot Abasi. Si dziko la Annang, koma ndi pafupi, ndipo khamu lake linali losakanikirana: Ibibio, Andoni, Ogoni, Aigbo, ndi amayi a ku Bonny ndi Opobo. Pa 16 Disembala anasonkhana paofesi ya DC ndi mfundo zawo. Zina mwa izo zinali zakuti amayi asakhome msonkho, katundu wa m'nyumba monga mabokosi asawerengedwe, amayi asalipitsidwe pogulitsira m'shedi ya pamsika, magule asalipiridwe chiphaso, ndiponso kuti ngakhale amuna asakhome. Anafuna kuti mayankho alembedwe pamakina, ndipo gulu lililonse lipatsidwe pepala lake. Anthu amenewa anali ataphunzira kuti lonjezo la pakamwa la boma sililemera kanthu.

Khamu linakula, linapanikiza mpanda wansungwi wa paofesipo, ndipo mpandawo unayamba kugonja. Mkulu wa asilikali, Lieutenant Hill, anawombera mtsogoleri wa amayiwo ndi mfuti yake yam'manja, kenako asilikali anatsegula moto. Amayi oposa 30 anafa, ena mwa iwo pomira mumtsinje pothawa, ndipo enanso 31 anavulala. Mtsogoleriyo anali Adiaha Edem. Mwana wake, Udo Udoma, anali ndi zaka 12 panthawiyo. Anadzakula n'kukhala mkulu wa oweruza milandu ku Uganda m'zaka za m'ma 1960.

Kuphatikiza malo atatuwa, chiwerengero cha boma chimasonyeza amayi oposa 50 ophedwa ndi ena pafupifupi 50 ovulala. Kumbali ya boma sikunafe mzungu kapena msilikali ngakhale mmodzi.

Amuna anali kuti nthawi yonseyi?

Ambiri anaima patali. Ena analowerera pothyola masitolo, koma mayendetsedwe a nkhondoyi anali a amayi. Akuluakulu a boma zinawavuta kukhulupirira zimenezi, ndipo ankafunafuna amuna amene ati ankakankha akazi awo kumbuyo. Maganizo amenewa akutiuza zambiri za azunguwo kusiyana ndi za amayiwo. Kwawo ku Britain, amayi onse anali atangopatsidwa kumene ufulu wovota mofanana ndi amuna mu 1928.

Kodi boma linkafunadi kukhometsa amayi msonkho, kapena inali mphekesera chabe?

Boma linakana, ndipo panalibe lamulo lokhometsa amayi limene linali litakonzedwa. Pamfundo yokhayi, tinganene kuti amayi anamenyana ndi chinthu chimene chinali chisanabadwe.

Koma ine sindinganene kuti analakwitsa. Anaona amuna awo akuwerengedwa, kenako akukhoma. Tsopano munthu wa buku uja wabweranso, akufunsa za akazi, ana, mbuzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Amene ananamizidwa dzulo ungamuuze bwanji kuti lero akhulupirire? Komanso kuwerenga kokhako kunali konyansa kwa iwo. Anthu ambiri kumeneko ankakhulupirira kuti kuwerenga anthu kumaitana imfa. Chowerengedwa ndi chiweto kapena kapolo. Mayi wina wachiigbo anauza ofufuza kuti akazi ali ngati mitengo yobala zipatso, ndipo anafuna kuti amuuze chifukwa chowerengera obala mbewu. Nkhani inali ya ndalama, inde, koma inalinso yakuti kodi mwini wa thupi la mkazi ndi ana ake ndi ndani.

Opha anthuwo anaimbidwa mlandu?

Ayi. Kafukufuku woyamba, wa kumayambiriro kwa 1930, unachitidwa ndi azungu awiri a m'boma lomwelo, William Birrell Gray ndi Henry Blackall, ndipo unapeza kuti owomberawo sanalakwe. Anthu ku Lagos ndi ku London sanakhutire, choncho panakhazikitsidwa bungwe lachiwiri lotsogozedwa ndi mkulu wa oweruza, Donald Kingdon. Munali maloya awiri a ku Nigeria, Kitoyi Ajasa ndi Eric Moore. Bungweli linamva mboni 485, ndipo mwa izo amayi anali ongopitirira 100 pang'ono, pa nkhani imene inali ya amayi kuyambira kumutu mpaka kumchira. Lipoti lake linadzudzula kuwombera kwina, linavomereza kuti madandaulo okhudza mafumu achikalata anali oona, koma palibe msilikali amene anakalowa m'ndende.

Amene analipira ndi midzi. Pogwiritsa ntchito lamulo lolanga mudzi wonse pa cholakwa cha ena, boma linalipitsa midzi chindapusa, ndipo asilikali poyendera maderawo anatentha nyumba. Mudzi umene unaika maliro a amayi ake unauzidwanso kuti usonkhe ndalama.

Ndiye tinene kuti anapambana kapena anagonja?

Amayi sanakhometsedwe msonkho panthawiyo. Mafumu achikalata ambiri anavulidwa zisoti, ndipo dongosolo lonselo linagwa. Donald Cameron atakhala bwanamkubwa mu 1931, mabwana a m'maboma anatumidwa kukafufuza mmene mtundu uliwonse unkadzilamulira kale, ndipo malamulo a 1933 anaika mabwalo a akuluakulu ambiri m'malo mwa mfumu imodzi yosankhidwa ndi mzungu.

Msonkho wa amuna unatsala, ndiye kuti kansalu ka mayi kanapitiriza kumasulidwa chaka ndi chaka. Ndipo mabwalo atsopanowo anadzaza ndi amuna. Amayi ochepa okha ndi amene anapatsidwa mpando m'makhoti. Ofufuza aja anapita kukafunsa madoda za mwambo, madoda anafotokoza mwambo wa madoda, ndipo magulu a amayi amene anagwedeza boma sanapeze malo m'dongosolo latsopanolo. Mwambo wozungulira nyumba ya wolakwa unayamba kuonedwa ngati kuphwanya lamulo.

Sanasiye komabe. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1950, boma litabweretsa makina oyengera mafuta a kanjedza, amayi a kummawa anatulukanso, chifukwa makinawo ankatenga chipatso chonse pamodzi ndi njere imene inali yawo.

Kodi zikufanana ndi msonkho umene makolo athu ankakhoma ku Nyasaland?

Mwini msonkho anali mmodzi, Britain, ndipo mfundo yake inali imodzi: dziko lolamulidwa lizilipira lokha ndalama zolilamulira. Koma ku Nyasaland msonkho wa nyumba unayamba kale kwambiri, m'zaka za m'ma 1890 nthawi ya Harry Johnston, ndipo ntchito yake ina inali kukankhira amuna kuminda ya azungu. Kwa Annang kunalibe minda ya azungu yotere. Anthu ankagulitsa mafuta a m'mitengo yawo. Pofanana pali pa amayi. Kunonso, mwamuna akathawa msonkho, amesenjala ankagwira mkazi wake mpaka ndalama ipezeke. M'mabuku a boma mayi sankaoneka ngati wokhoma, koma konsekonse ndiye ankagwidwa.

Bwanji dzina la Aba ndilo linatchuka, osati la Annang?

Ku Aba kunali njanji, banki, masitolo a makampani ndi azungu ambiri. Kumeneko ndiko katundu wa azungu anawonongeka moonekera, ndipo lipoti la Kingdon linatenga dzina la tauniyo. Mawu akuti zipolowe nawo anali ndi ntchito yake: chipolowe chilibe atsogoleri, chilibe mfundo, ndipo wochithetsa ndi mfuti safunsidwa zambiri. M'dzinalo mulibenso mawu akuti amayi.

Eni ake sanaitche choncho. Aigbo amati Ogu Umunwanyi, ndipo Ibibio ndi Annang amati Ekong Iban. Onsewa akutanthauza nkhondo ya amayi. Popeza Aigbo ndi ambiri ndipo nkhani ya Nwanyeruwa ndi yokoma kuifotokoza, mabuku ambiri amayambira ku Oloko n'kuthera ku Aba, pamene malo onse atatu amene asilikali ndi apolisi anapha amayi ambiri anali m'chigawo cha Calabar, awiri mwa iwo m'dziko la Annang. Ku Ikot Abasi lero kuli chipilala chokumbukira amayi amene anafa pa 16 Disembala. Utu Etim Ekpo ndi likulu la boma laling'ono la Etim Ekpo, m'chigawo cha Akwa Ibom.